Tsitsi la Thokozile ndi Alonda a Pachipata

Aliyense wogula nsomba pamsika wa ku Kafue amamudziwa Thokozile Jere, ndipo amene sanamuonepo anamumvapo, pakuti mawu ake amafika pokwerera mabasi mwini wake ali khale kuseri kwa tebulo. Ndi mayi wamfupi, wa mikono yolimba, wobadwira m'nyumba za antchito a njanji. Bambo ake, a Gershom Jere, anachoka ku Chipata ali mnyamata kudzagwira ntchito ya masiginolo a sitima, ndipo Kafue inawameza osabwereranso. Thokozile anasiya sukulu pakati, anakwatiwa ndi Lastone wa kufakitale ya feteleza, n'kuyamba kupita ku Chanyanya kukaoda nsomba kwa asodzi. Ntchitoyo waigwira mpaka lero.

Tsitsi linayamba kuthothoka atangobereka mwana wachiwiri. Mayi womuluka ndiye anaona kadazi kosalala kuseri kwa khutu, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo. Kadaziko kanaitana anzake. Chaka chisanathe mutu wonse unali mbee, nsidze zinapita, ngakhale titsitsi ta m'zikope sitinatsale. Anthu a ku Kafue sasowa chonena, ndipo aliyense anali dokotala. Ena amati ndi chipere, ena amati ndi mankhwala owongolera tsitsi, ena amaloza mnzake wogulitsa pafupi naye kuti ndiye wachita zake. Analiponso amene ankangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunong'onezana za matenda aja. Thokozile anapaka adyo, anapaka mafuta a nsatsi, anakwera phiri ndi amayi a mapemphero. Mutu unangowonjezera kunyezimira.

Choncho anakhala mayi wa mawigi. Anali nawo aatali, aafupi, ofiirira, ndi ina yopotanapotana ya kutchalitchi. Anthu ankayamikira, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mu Okutobala mutu unkaphika m'kati mwa wigi, ndipo popanda nsidze thukuta linkatsikira m'maso mwachindunji iye ali ndi mamba a nsomba m'manja. Tsiku lina ku Chanyanya mphepo inanyamula wigi n'kuiponya m'madzi, msodzi wina n'kuikwapula ndi nkhafi poganiza kuti ndi katumbu. Doko lonse linaseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali Thokozile yemwe. Koma pobwerera, atakhala pamwamba pa madengu a milamba kumbuyo kwa lole, analira njira yonse. Zinkamupweteka, ndipo zinamupweteka zaka zambiri.

Namwino wina amene ankagula kwa iye ndiye anamukakamiza kupita ku Lusaka, kuchipatala cha matenda a khungu. Anapita mokoka miyendo. Kumeneko anapeza dokotala wamkazi, wachitsikana ndithu, dzina lake Choolwe, amene anamuvula duku mwaulemu n'kuyang'ana khungu la mutu ndi kagalasi kowala.

"Ba mayo, mizu ya sisi yanu siinafe," anatero dokotala. "Ili moyo, yagona chabe. Masoja ya mu thupi yanu, yamene yafunika kumenya matenda, yasokonezeka. Yamenya mizu ya sisi."

"Manje nindani amayauza kuti yamenye?" anafunsa Thokozile. "Musoja samenya chabe. Pali wamene amamutuma."

Dokotala Choolwe anaika kagalasi pansi n'kumwetulira ngati munthu amene wakhala akudikira funso limenelo chaka chonse. Anakoka kapu ya tiyi, zolembera ziwiri ndi makiyi ake, n'kuyala zonse patebulo.

Thupi lonse, anafotokoza, ndi timaselo tosawerengeka, ndipo timaseloti timatumizirana mauthenga otchedwa masaitokaini. Uthenga wotere sulowa m'selo ayi. Umafika pachipata chimene chili pakhoma la selo n'kugogoda. Kuseri kwa chipatacho, m'kati, kumakhala alonda awiri, maenzaimu a m'banja lotchedwa JAK. Banjalo lili ndi ana anayi: JAK1, JAK2, JAK3, ndi wina wa dzina losiyana, TYK2, ndipo amalonda awiriawiri, chipata chilichonse ndi awiri ake. Uthenga ukagogoda, alonda aja amayandikana n'kudzutsana. Ntchito yawo ndi imodzi yokha, kudinda. Amatenga kanthu kotchedwa fosifeti n'kukamata pamalo otchedwa tairosini. Amayamba kudindana okhaokha, kenako amadinda chipata, kenako amadinda amithenga otchedwa STAT amene amabwera kudzaima pamenepo. Amithengawo akadindidwa amagwirana awiri n'kuthamangira kuchipinda cham'kati kumene kumakhala malangizo onse a selo, n'kukanena zoyenera kuchita. Apa dokotala anakankha makiyi mpaka m'kapu.

Mwa Thokozile, asilikali a thupi ankatumiza uthenga kumuzu wa tsitsi, muzuwo pochita mantha unkabweza uthenga umene unkangowakwiyitsa asilikaliwo, iwo n'kutumizanso wina. Mauthenga onsewo, popita ndi pobwera, ankadutsa m'manja mwa alonda a banja lija.

"So ni ma-gossip!" anakuwa Thokozile, mpaka namwino anasuzumira pakhomo. "Zaka zonse izi nenze kuganizila muzanga wa pa market, kansi ni bantu ba mu nyumba mwanga!"

Dokotala anaseka n'kunena kuti alondawo si oipa, amangopereka zimene apatsidwa. Koma tsopano kuli piritsi limene limakakhala pamalo pamene mlonda amatengera fosifeti uja. Uthenga umagogoda, chidindo palibe, amithenga sathamanga, ndipo muzu umapeza mpata wopuma. Kenako nkhope yake inasintha. Alonda omwewo, anatero, ndi amene amaperekanso mauthenga olimbana ndi chifuwa chachikulu ndi matenda ena. Ndiye asanayambe ayenera kuyezedwa chifuwa ndi magazi, azibwera kudzayezedwanso, asatenge pakati, ndipo akatentha thupi asadikire. Si onse amene tsitsi limawamerera. Ndipo akasiya kumwa, likhoza kuthothokanso.

Thokozile anamva zonsezo n'kuvomera, koma mtima wake unali utathamanga kale. M'basi yobwerera ku Kafue anafotokozera mayi amene anakhala naye pafupi, kenako a mpando wakumbuyo, ndipo pofika ku Chilanga ngakhale kondakitala anali atadziwa kuti TYK2 ndi mwana wa bambo wina m'banja la a JAK. Zimenezo dokotala sananene, anawonjezera yekha.

Kunyumba, kudera la Estates, anapeza a Gershom pakhonde. Chimwalirire akazi awo ankakhala ndi mwana wawoyu, ndipo tsiku lonse ankakhala pampando wa nsungwi n'kumakangana ndi wailesi. Thokozile sanavule n'komwe nsapato. Anatenga mbale, masipuni awiri ndi machesi n'kuyamba kuyala pansi. Mkuluyo anamvetsera maso ali tsinzinitsinzini, kenako anamenya ndodo pasimenti.

"Iwe mwana, zimenezi ndi za njanji," anatero. "Sitima ilipo, njanji ilipo, woyendetsa alipo. Koma wa siginolo akapanda kutsitsa mkono, sitima siyenda. Piritsi lakolo lagwira mkono wa siginolo basi."

"Ndiye vamene, Atate! Ndiye vamene!"

"Koma uchenjere. Siginolo ikaima pofiira sisankha. Imaimitsa sitima ya malasha, imaimitsanso ya anthu."

"Na ba dokota bakamba so," anatero Thokozile, akuwomba m'manja. "Imwe Atate munaphonya ntchito, mwenze kufunika ku chipatala."

Zoyeza zonse zinatuluka bwino ndipo anayamba kumwa. Mwezi unatha, mutu uli chimodzimodzi. Wina unathanso. Lastone, munthu wofatsa amene mawu ake amachita kuwerenga, anasiya kufunsa poopa kumupweteka. Thokozile ankadzuka m'mawa n'kudziyang'ana pagalasi mpaka khosi kuwawa, n'kutuluka ali ndwii. A Gershom okha ndi amene sanagwedezeke. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mawa uliwonse ankamuitana kuti agwade padzuwa amuyendere mutu, monga ankayendera njanji kale.

Ndi iwo amene anayamba kuliona tsitsilo. Tsiku limenelo chala chawo chinaima pamwamba pa khutu la mwana wawo, kenako anati, "Lastone, tabwera ndi magalasi anga." Panali ubweya woyera, wofewa ngati wa mwanapiye, woti ukauyang'ana molunjika suuona koma ukapendeka mutu uli pomwepo. Thokozile anakuwa mpaka agalu a mzere wonse anayankha. Anatuluka pageti wopanda duku, kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo, n'kuyamba kugogoda makomo a anthu. Amayi anatuluka ndi thovu la sopo m'manja, iye n'kuwagwira dzanja kuliika pamutu pake. "Gwilani! Musaope, gwilani! Mwamvela?" Ena sanamve kanthu koma anavomera, chifukwa ukamutsutsa Thokozile ali choncho tsiku lako latha.

Kuyambira pamenepo msika sunapume. Ubweya uja unada, unalimba, unafalikira. Nsidze zinabwerera, yakumanzere poyamba, moti kwa kanthawi ankaoneka ngati munthu wodabwa mbali imodzi. Tsiku lina akupala nsomba padzuwa anazindikira kuti maso sakumuwawa, thukuta likupatukira m'mbali, ndipo anaimitsa malonda kuti auze mzere wonse kuti nsidze si zokongoletsa chabe, zili ndi ntchito. Wogula mlamba mmodzi ankalandira ndi phunziro laulere. Ankayala nsomba ziwiri kuti ndi alonda, tomato wa mnzake kuti ndi uthenga, ndipo kapenta awiri ankathamangira m'beseni. Amayi ena anatchedwa maina a banja lija osafunsidwa. Mnzake uja amene ankamuganizira ufiti anakhala JAK2, ndipo poti Thokozile anamupepesa ndi mlamba waukulu, dzinalo analilandira.

Anagula chipeso chake. Mawigi anagawa, kupatula ija inamenyedwa ndi nkhafi, imene palibe anaifuna. Tsitsi litafika poti zala n'kugwira, anabwerera kwa mayi uja anaona kadazi koyamba n'kukhala pansi pakati pa miyendo yake kuti amuluke mukule, mizere yotsatira khungu. Womulukayo ankakoka mwamantha. "Donsani, imwe!" anatero Thokozile. "Nifuna nimvele kubaba!" Misozi inatuluka ndi ululu ndipo iye ankaseka. Madzulo ake anayenda pang'onopang'ono kuchokera kumsika mpaka ku Estates, njira yaitali, kuti Kafue yense aone.

A Gershom anauona mukulewo, anauyendera ndi chala mzere ndi mzere, n'kunena kuti njanji zake zawongoka. Nyengo yozizira itafika anayamba kufooka. Sanadwale nthawi yaitali. Anamwalira m'mawa wina pampando wawo, wailesi ikulankhula, ali nkhalamba yokhuta masiku.

Maliro anali aakulu. Kunabwera anzawo akale a njanji, amayi a pamsika, asodzi a ku Chanyanya panjinga zawo, ndi abale ochokera ku Chipata motsogozedwa ndi a Agatha, mlongo wawo wa malemuwo. A Agatha ndi mayi wowonda, wa mawu ochepa, amene mwambo amausunga ngati mbewu. Kwa a Jere, maliro akaikidwa, m'mawa mwake ana ndi abale a malemu amakhala pamphasa n'kumetedwa mpala, tsitsi lonse n'kulisonkhanitsa pamodzi kukalikwirira. Ambiri m'tauni masiku ano amangodula pang'ono pamphumi. A Agatha za pang'onozo sazidziwa.

M'mawa wa kumeta, mphasa zitayalidwa kuseri kwa nyumba, Lastone anapita kukagwada pafupi ndi a Agatha. Munthu wosalankhula uja tsiku limenelo analankhula.

"Ba aunt, napapata. Uyu mumusiye. Imwe simunaone vamene tinapitamo. Sisi iyi yabwela na mankhwala, siili monga ya bantu bonse. Mukaichosa, nanga ngati siizabwela futi?"

Amayi a pamsika amene anagona pamaliropo anavomereza onse. Wina anati tsitsi lobwera mochedwa likakhudzidwa ndi lumo limakwiya. Wina anati achemwali ake a Thokozile ametedwe m'malo mwake. Ngakhale abale ake enieni, amene anali atakhala kale pamphasa, anati asiyidwe, bambo akanamvetsa. A Agatha anayang'ana mukule uja nthawi yaitali. Iwonso ndi munthu, ndipo anali atamva nkhani yonse.

"Chabwino," anatero. "Mwana wa achimwene, iwe ndingodula kamodzi pamphumi. Mwambo ukhala wakwanira."

Thokozile anali ataima pakhomo la khitchini. Mutu wake unkadziwa zimene dokotala ananena, kuti muzu uli pansi pa khungu kumene lumo silifika, ndipo bola alonda aja akhale opanda chidindo. Koma dokotala yemweyo anali atanenanso kuti matendawa alibe lonjezo. Ndipo kudziwa ndi mutu n'kwina, kukhala pansi pa lumo n'kwina. Anagwira mukule wake. Ankachita mantha, mantha enieni, oti mwina akadzadziyang'ana pagalasi adzaonanso mutu uja anauda zaka zonse zija, ndipo ulendo uno adzakhala atauitana yekha.

Analowa m'nyumba. Anthu anapumira m'mwamba poganiza kuti nkhani yatha. Koma anatulukanso ali ndi lezala latsopano m'pepala lake, n'kudzakhala pamphasa pakati pa mkulu wake ndi mlongo wake, n'kuyamba kumasula mukule.

"Thoko," anatero Lastone.

"Bashi Emelia, nisiyeni nikambe," anayankha Thokozile, kumutchula mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo. Anatembenukira kwa a Agatha. "Ba aunt, mukumbuka pa malilo ya Amai? Tinankala so chabe, pa mpasa. Munagela aba, munagela aba. Munafika pali ine, munachosa chitambala, munayangana, munabweza chitambala, munapitilila. Simunalakwe, panalibe vogela. Koma banzanga bonse banayenda mu town na mitu yoonesa kuti bafelewa mai wao. Ine nenze chabe monga mwamene nenzelili mazuba yonse. Palibe anaona kuti naine nafelewa."

A Agatha anatsitsa maso.

"Ninalila maningi siku ija, osati chabe chifukwa cha Amai," anapitiriza Thokozile, ndipo mawu ake aja a pamsika anayamba kubwerera. "Manje lelo nili nayo! Yanganani, nili nayo, yambili futi! Atate ndiye benze oyamba kuiona. Manje imwe mufuna munijumpe futi? Awe. Gelani yonse."

"Nanga likapanda kumeranso, mwanawe?" anafunsa a Agatha motsitsa.

"Ngati siizamela, ninshi yayenda na Atate. Koma izamela, ma-guard bali pa leave." Anaseka, misozi ili mbwembwembwe. "Ndipo musebenzese razor iyi yanyowani. Ba dokota banakamba kuti nisamasobele na vilonda."

A Agatha anapukusa mutu n'kunena kuti walira mvula walira matope, ndipo sizinadziwike ngati akumudzudzula kapena akumuyamikira. Anasamba m'manja, ananyowetsa mutu wa Thokozile ndi madzi a sopo, n'kufunyulula lezala lija. Lastone anayang'ana kumbali. Kenako anabwera yekha kudzagwira chitenje chimene tsitsi limagweramo.

Lumo linayamba pamphumi. Thokozile anamva kuzizira kwa mphepo pakhungu, kuzizira kumene ankakudziwa bwino, ndipo anatseka maso. Koma kunalinso china chimene anali atachiiwala: kulira kwa lumo likamadula tsitsi lenileni, kwee, kwee, ndi kulemera kwa timitolo tonyowa tikamagwera paphewa. "Mwamvela sound?" Thokozile anamufunsa mkulu wake ali chitsinzinire. Mkulu wakeyo anangomugwira dzanja.

A Agatha anameta modekha, osatema ngakhale pamodzi. Atamaliza anapita kwa wotsatira, ndi wotsatira, mpaka mphasa yonse inali mitu yonyezimira padzuwa la m'mawa, ya amuna ndi ya akazi, yofanana yonse. Kenako anasonkhanitsa tsitsi la onse m'chitenje chimodzi kuti akalikwirire kuseri kwa munda.

"Imani pang'ono, ba aunt," anatero Thokozile. "Nifuna nione yanga."

Anagwada, anafunyulula chitenjecho, n'kuyamba kufufuza ndi chala mu mulu wakuda uja. Anatembenuza uku, anatembenuza uko. Munali tsitsi la mkulu wake, la alongo ake, la adzukulu, lonse litasakanikirana, ndipo lake sanathe kulizindikira. Kenako anamanga chitenjecho yekha n'kuchipereka kwa a Agatha ndi manja awiri.